A Levisoni ndi Mazira a ku Area 25

Loweruka lapitali abale a malemu a Levisoni anapita ku Dowa kukamanga chiliza. Ine sindinapite nawo. Maondo anga ndi minibasi zidadana kalekale, ndiye ndinangokhala pakhonde panga kuno ku Chinsapo n'kumawakumbukira ndekha. Chaka chatha tsopano chimwalirireni akuluwa, ndipo ndaona kuti ndilembeko zomwe ndikudziwa, poti omwe tinkawadziwa bwino sitinali ambiri.

Ndinakhala nawo moyandikana zaka zoposa khumi ndi zisanu, mpanda wa udzu wokha pakati pathu. Sindinama kuti anali munthu wosavuta. Maliro amakometsa anthu, koma a Levisoni ngakhale maliro anavutika nawo. Anali aatali, oonda, osachedwa kukwiya, ndipo jekete ya khaki yomwe anapuma nayo ntchito ya umesenjala sinkachoka m'thupi ngakhale mu Okutobala. Kukhutu kwawo sikunkasowa pensulo.

Pensuloyo inali ya mazira. Ntchito yomwe ankadziwika nayo kuno inali yofungatiritsa mazira a eni. Ukakhala ndi nkhuku yoikira koma yaulesi kufungatira, kapena wabwera ndi mazira a mtundu wabwino kuchokera kumudzi koma ulibe thadzi, unkapita nawo kwa a Levisoni. Iwo anali ndi nkhuku zachikuda zodziwa ntchito, ndipo mfumukazi yake inali Kameta, ija yopanda nthenga m'khosi, yonyansa ngati yabwerera pampeni koma yosataya dzira. Zisa zawo zinali matayala akale a galimoto, m'kati atayalamo udzu, phulusa ndi masamba a fodya othamangitsira utitiri. Dzira lililonse ankalilemba dzina la mwini wake ndi tsiku. Anapiye akaswa, pa asanu aliwonse mmodzi ankatsala pakhomopo, ndipo malipiro anali omwewo.

Ine ndi iwo tinayambana tsiku loyamba lenileni. Ndinapita ndi mazira khumi nditawatsuka bwinobwino ndi sopo, poti ndinkafuna aone kuti mayi wasamukira kuseriyu ndi waukhondo. Anatenga limodzi, n'kulinunkhiza.

"Nangondo, mwabweretsa mazira kapena mbale?"

"Ndi mazira, abambo."

"Awa mwawavula malaya. Dzira limabadwa ndi mafuta ake olitchinga. Pitani mukakazinge, mukandisungireko."

Ndinabwerera ndili fuu, ndipo ndinatha mwezi osawapatsa moni. Iwo sanaone n'komwe kuti ndakwiya, zomwe zinandikwiyitsa kawiri.

Malamulo anali nawo ambiri kuposa ofesi yomwe ankagwirako. Dzira lopitirira masiku khumi ankakana. Mazira a m'thireyi, a nkhuku zosadziwa tambala, ankati ndi miyala yopentedwa. Bolopeni pa dzira sankalola. Koma lamulo lalikulu linali lakuti mwini mazira azibwera yekha: tsiku lobweretsa, tsiku lachisanu ndi chiwiri lomwe ankangoti la seveni, ndi tsiku lotenga anapiye. Kutuma munthu kunalibe. Amuna anga, amene sanakanidwepo chinthu ndi munthu wa m'dera lino, anabwerako chimanjamanja tsiku lina nditawatuma anapiye anga omwe. Anauzidwa kuti pa dzira panalembedwa Nangondo, ndipo iwo sankaoneka ngati Nangondo.

Tsiku la seveni linali loonera mazira. Kuseri kwa nyumba kunali kachipinda kosungiramo gaga, ka chitseko cha lata, ndipo pa latapo panali bowo la msomali. Dzuwa likapendeka ankakulowetsa m'menemo, n'kutseka, n'kuika dzira pa bowopo. Dzira lamoyo linkaonetsa timitsempha tofiira ngati kangaude, ndi kadontho kakuda kogwedezeka pakati. Lopanda kanthu linkangoti mbee. Nditaona koyamba ndinaiwala kuti munthuyu ndinali nditamusala. Ankanong'ona m'menemo ngati m'tchalitchi, ndipo dzira losukusa ankalichotsa mwaulemu, opanda kunyoza mwini wake.

Zinanditengera zaka kuzindikira kuti dzira silisowa mwini wake kuti liswe. Kuonera kuja akanatha kuchita okha. Koma ukafika ankakutulutsira mpando, ndipo zikatero ola lathunthu lapita. Unkamva za ku Dowa, za mabwana omwe ankawatuma ndudu, za momwe khwangwala wa m'tauni alili wochenjera kuposa wa kumudzi. Akazi awo, a Nachisale, atamwalira, lamulo linakula. Panabadwa tsiku la fotini, loti ubwere udzaonenso. Tinkadandaula kumsika kuti akuluwa akutidyera nthawi, osadziwa kuti nthawi yathuyo ndiyo ankaifuna kuposa anapiye.

Kenaka mnyamata wina ku Chigwirizano anagula makina oswetsa mazira. Kumeneko kunalibe mpando, kunalibe malamulo, unkatha kutuma ngakhale wa kabaza. Anthu anakhamukira komweko. A Levisoni ankati anapiye a makina ndi ana amasiye, osadziwa kupalasa, osadziwa kubisala mphamba akadutsa. Magetsi akazima ankatuluka panja n'kumaseka okha, kuti tione makinawo ngati amera nthenga. Mnyamata uja atagula sola, kusekako kunatha. Tinatsala anthu anayi kapena asanu obwera ndi mazira, ndipo masiku ena ine ndinkapititsa mazira ndisakufuna anapiye n'komwe.

Inali nthawi imeneyo pomwe mazira a ku Area 25 anafika. Akuluwa anali atangodzuka kumene, malungo atawagoneka sabata ziwiri. Ndinali pakhomopo masana amenewo pamene mayi Asiyatu, ogulitsa usipa omwe amazungulira misika yambiri, analowa ndi kabasiketi kovindikira ndi nsalu.

"Mwana wanu Edina wati ndikupatseni."

A Levisoni anavundukula. Munali mazira khumi ndi awiri, achikuda, aakuluakulu, atayalidwa bwino mu gaga.

"Wati chiyani china?"

"Palibe, baba. Wangoti kawapatseni."

Mayi Asiyatu atapita, a Levisoni anachotsa pensulo kukhutu n'kuyamba kulemba, dzira limodzilimodzi, Edina, Edina, Edina. Anachotsa mazira awo omwe pansi pa Kameta n'kuikapo amenewa.

"Wakulira pano," anatero osandiyang'ana. "Lamulo akulidziwa. Lero watuma poti ndi manyazi. La seveni abwera yekha."

Kuti mumve chomwe mazira amenewa ankatanthauza kwa iwo ndiyenera kubwerera zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyo, ndipo gawo ili sindilikonda chifukwa ndilimo. Edina anali mwana wawo mmodzi yekha wamoyo. Anakwatiwa ku Area 25, tsidya lina la mzinda, minibasi ziwiri kuchokera kuno. Mayi ake atagonekedwa m'chipatala, iye ndi amene ankawadikirira, bambo ake n'kumapita masana aliwonse ndi phala. Zinatero sabata zitatu. M'mawa wina galu wa eni analowa pampanda n'kupha thadzi lomwe linali pa mazira khumi ndi limodzi, kutatsala masiku awiri kuti aswe. Ukaika dzira kukhutu unkamva kale mwanapiye akugogoda. A Levisoni anawakulunga m'bulangete, n'kuzunguliza mabotolo a madzi ofunda. Ali pakati posintha madziwo foni inalira. Anali Edina, akuti bambo bwerani, amayi akukufunani. Anayankha kuti akubwera. Kenaka anayenda Chinsapo yense khomo ndi khomo kufuna nkhuku ina yofungatira yoti abwereke. Anaipeza dzuwa lili pamutu. Pofika kuchipatala anapeza bedi atayalula kale.

Mazira amenewo anali anga. Anaswa onse khumi ndi limodzi, tsiku lomwe tinkaika a Nachisale.

Edina sanakalipe pamaliropo. Ndinali pafupi pomwe anawauza bambo ake mawu ochepa, akuti amayi anakufunsani katatu. Mwambo utatha anakwera minibasi, ndipo phazi lake silinapondenso pakhomopo. A Levisoni nkhaniyi anaitchula kwa ine kamodzi kokha. Anati ankayesa ndi kuitana kwa masiku onse, kwa munthu wofuna madzi kapena kutembenuzidwa. Anati ukaona chinthu chikufa m'manja mwako umaiwala kuti kwinanso kukufa chinthu. Kupepesa kwa mwana sanakutchule, ndipo nditayerekeza kunena anandifunsa ngati kwathu makolo amagwadira ana. Anapiye aja ndinakawatenga ndekha monga mwa lamulo, koma ndinawapereka onse kwa mchemwali wanga. Sindikanatha kuwaona akuyenda pabwalo panga.

Ndiye tsiku la seveni la mazira a Edina litakwana, akuluwa anasesa bwalo kawiri. Anachapa jekete ija, chinthu chomwe ndinali ndisanachionepo. Anagula shuga ndi buledi, n'kutulutsa mipando iwiri. Ine ndinkasuzumira pampanda ngati mwana. Dzuwa linapendeka, linafika pa bowo lija, linapitirira. Madzulo anabweza mpando umodzi m'nyumba n'kundiitana kuti nditenge bulediyo asaume.

"Ntchito," anatero. "M'tauni muno anthu ali bize. Abwera la fotini."

La fotini linadutsa chimodzimodzi. Pa tsiku la makumi awiri ndi limodzi anaswa asanu ndi anayi. Aliyense anam'manga kaulusi kofiira kumwendo, ndipo pa amenewa sanatengepo wawo wa malipiro. Anawamangira khola lawolawo kuseri. Anapiye anakula, misoti inayamba kuikira, ndipo poti mazira a nkhuku za Edina analinso a Edina, anawafungatiritsa n'kumanganso ulusi. Ankati chuma cha mwini sichiima chifukwa mwini wachedwa. Pomatha zaka zitatu kholalo linali litakuzidwa kawiri. Matambala ankamenyana mpaka magazi, gaga ankatha ngati akudya ndi ng'ombe, koma sanagulitsepo imodzi kapena kuphapo. Pa Khirisimasi munthu wa nkhuku zonsezo ankadya matemba. Mnansi wina atawauza kuti agulitseko matambala atatu agule nsapato, anayambana naye mpaka kumanda.

Chaka cha chitopa ndi chomwe chinandionetsa kukula kwa nkhaniyi. Nthendayo inalowa m'dera lino nyengo yotentha, nkhuku zikungogwa makosi atapindika. Katemera wodonthezera m'maso uja anasowa, ndipo a Levisoni anapeza kabotolo kotsalira kosakwanira khola lonse. Anayambira ku nkhuku za ulusi. Pofika kwa zawo botolo linali litauma. Kameta, yomwe inawaswera mazira a theka la Chinsapo, inafa sabata yomweyo. Anaikwirira pansi pa mtengo wa papaya, ndipo masiku atatu sanayankhule ndi munthu. Pambuyo pake ndinawapeza akuwerenga za ulusi zija, n'kundiuza monyadira kuti sipanafe ngakhale imodzi, Edina akabwera sadzapeza chonena.

Ndinawauzapo kangapo kuti angomuimbira foni. Nambala anali nayo, inalembedwa ndi pensulo kuseri kwa chitseko. Ankati iye ndi amene anayamba potumiza mazira, amalize yekha, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinati ndipite ine. Anandiletsa, n'kunena kuti ndikatero mazira anga asadzapondenso pakhomo pawo. Koma ndisabisale kumbuyo kwa chiletsocho. Ndikanafuna ndikanapita, a Levisoni sankagwira mwendo wanga. Chomwe chinkandimanga n'chakuti ndinkaopa maso a Edina. Ndinkadzifunsa kuti mwini mazira aja khumi ndi limodzi akaime bwanji pakhomo pake n'kumuuza za mazira ena. Ndinkangoti mwezi wamawa, mwezi wamawa, ndipo zengerezu adalinda kwawukwawu.

Anamwalira mu Juni, nthawi yozizira. Nkhuku ndi zomwe zinandiuza. Dzuwa linakwera zikadali zotsekeredwa, zikulira ngati zaona njoka, ndipo a Levisoni sanachedwepo kutsegula khola chikhalire. Amuna anga anathyola chitseko. Tinawapeza pabedi, atafunda bwinobwino.

Masana bwalo linali litadzaza, anthu omwe anasiya kubwera ndi mazira onse anapeza njira. Ku Dowa kunabwera mwana wa mlongo wawo, a Gilibati, ndipo ndi iwo ankayendetsa zonse. Amayi ophika atafunsa za ndiwo, a Gilibati anayang'ana kuseri n'kunena kuti amalume asiya ndiwo zokwanira mudzi. Sindikuwada. Pamaliro anthu amayenera kudya, ndipo munthu wochokera kumudzi akanadziwa bwanji tanthauzo la kaulusi? Nkhuku za a Levisoni titazitsegulira zinali zitamwazikana m'makomo mwa anthu, koma za Edina zinali m'khola, zosavuta kugwira. Ine ndinali m'nyumba ndi amayi a mpingo tikuimba. Potuluka ndinapeza beseni la madzi otentha lodzaza miyendo, uliwonse ndi ulusi wake wofiira. Zotsala zinali zitamangidwa kale, zikudikira lole yonyamula bokosi.

Edina anali atafika cha m'ma leveni. Ndinam'peza kuchipinda, atatsamira khoma, atafunda chitenje kumutu. Mayi wina anali atangom'bweretsera mbale, akumukakamiza kuti alaweko angakomoke. Ndinakhala pambali pake. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino kutsegula pakamwa, koma ndinali nditakhala chete zaka zitatu ndipo ndinaona zomwe kukhala chete kunabala.

"Edina, nkhuku ili m'mbalemo ndi yako."

"Yanga bwanji, anti?"

"Mazira aja unatumiza ndi mayi Asiyatu. Anaswa naini. Zonse zili kunjazo ndi ana ndi adzukulu a amenewo. Bambo ako ankakusungira."

Anandiyang'ana ngati ndayankhula chinenero china. Kenaka anaika mbale pansi pang'onopang'ono.

"Anti, ajatu anali oti adye."

"Ati?"

"Ndinamva kuti adwala malungo, sakudya. Kale akadwala chonchi, amayi ankawathirira dzira m'phala. Ndinasankha aakuluakulu a nkhuku zanga. Ndinadikira sabata yonse, foni ili m'manja. Ndinkati angoimba, angoti afika, basi ndinyamuke. Sanaimbe. Ndinati ndiye kuti sakundifuna."

"Iwo ankadikira la seveni."

Sindinafunike kufotokoza. Mwanayo anakulira pakhomo pomwepo, ndipo ndinaona lamulo lija likumufika pankhope. Anafunsa ngati anatulutsa mpando. Ndinati iwiri. Kulira komwe analira pamenepo amayi a panja anayesa ndi kwa maliro wamba, ndipo anayambitsa nyimbo ina. Ine ndinam'gwira mutu, ndipo za mazira anga aja sanatchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Anthu akandifunsa kuti a Levisoni anali munthu wotani, ndimasowa poyambira. Anali wouma mutu, ndipo kuuma mutuko kunawadyera mwana. Koma sindinaonepo munthu wosamala chinthu cha mwini ngati iwo. Dzira lachikuda likangofika m'manja mwawo, ankaona mwanapiye, mwini wake, ndi tsiku lomwe mwiniyo adzabwere. Poto sankamuganizira n'komwe. Ndimawasowa, ngakhale makani awo omwe.

Pakhomopo pano palibe nkhuku ngakhale imodzi. A Gilibati ankafuna nyumbayo ilowe alendi, koma Edina anakana, ndipo yangokhala yokhoma. Mpanda unagwa mbali ya kumsewu mvula yoyamba. Pomwe panali makola pamera bonongwe wamtali kufika m'chiuno, wonenepa ndi manyowa a zaka zonse zija, ndipo palibe amene amathyola. Agalu a eni amadutsa pabwalo osathamangitsidwa. Mawindo anachita fumbi, ndipo mavu amanga pamwamba pa chitseko.

Bwalo lokha ndi losesa. Loweruka lililonse, kupatula lapitali la chiliza, Edina amakwera minibasi zake ziwiri n'kubwera. Sanyamula kanthu, tsache amabwereka kwa ine akafika. Amasesa, amakhala pakhonde ola limodzi, n'kubwerera. Mpanda ndi wogwa, akanatha kungolowera paliponse, koma amazungulira kukaima pa geti. Pamenepo amati odi, ndipo amadikira pang'ono. Ine kuseri kuno ndimamva bwinobwino, koma woyenera kuyankha si ine.